Aimbe kaseti yonse, mbali zonse ziwiri

Mwezi wa Julayi pa Ntengo-Wambalame mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Tsiku limenelo ndinakhala pa thumba la mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu wopita ku Biriwiri, manja ali m'khwapa, kudikira lole imene inati ifika m'mawa koma dzuwa n'kufika paliwombo isanaoneke. Pafupi pomwepo pali baraka ya mnyamata wina wobena nyimbo. Padenga anaika sola, m'kati muli kompyuta yakale ndi mafoni ali ndandanda pathabwa kutchajidwa, pakhomo sipika yaikulu yoyang'ana kumsewu. Chakutsogolo kwake mayi wina amakazinga tchipisi pachiwaya, ndipo moto wawowo ndi umene unatisonkhanitsa ambirife.

Kunafika bambo wina wachikulire, wa chipewa chaubweya chofika m'makutu. Anamasula kansalu, n'kutulutsamo memore kadi kakang'ono ngati chikhadabo, n'kupatsa mnyamata uja.

"Undiikire Kuimba 1 ya Matafale. Yonse. Uyambire pamene inayambira, uthere pamene inathera."

Mnyamatayo anayang'ana pakompyuta kanthawi. "Madala, ndili ndi foda ya Ma Blacks, nyimbo zake zosawerengeka. Za Matafale zilimo, za Musamude zilimo, za Anjiru, za Makondetsa ndinaphatikiza momwemo. Ndikusankhireni zotchuka zokhazokha, simudandaula."

"Sindinati zotchuka. Ndati yonse."

"Koma mndandanda wake ine sindiudziwa."

"Tenga cholembera, ndikuuze."

Anamuuzadi. Anatsinzina, n'kuyamba kutchula nyimbo imodziimodzi, chala chikugogoda pabondo. Atafika pakati anaima, n'kunena kuti, "Apa m'pamene tinkatembenuza kaseti." Kenaka anapitiriza mpaka kumapeto. Ine za lole ndinaiwala pomwepo.

Atatsegula maso, nkhani inasuntha. "Kumashoo nakonso n'chimodzimodzi," anatero. "Gulu lililonse limangotola zija zinalira pawailesi. Amaimba bwino, sindikana. Koma ine ndisanafe ndimafuna tsiku limodzi anyamata a Ma Blacks a ku Chileka aja adzaime pansanja n'kuimba kaseti imeneyi yonse, mmene mwiniwake anaiyalira."

Mnyamata wina wa kabaza, amene anakhala panjinga yake yamoto akudya tchipisi m'kajumbo, sanadikire kuti amalize.

"Madala, ku shoo sitipita kukamvera wailesi. Timapita kukavina. Ine ndichoke kuno, ndisinthe metikali zanga kukhala kwacha, ndiwoloke kupita pa boma la Ntcheu, ndilipire pakhomo, ndiye andiimbire nyimbo yoziziritsa bwalo chifukwa choti ndi yachinayi pakaseti? Woimba wanzeru amayang'ana miyendo ya anthu. Akaona fumbi latsika, amasintha."

Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Aliyense amene anakhalapo pa dansi ya bandi kuno kwathu amadziwa kuti mndandanda wa nyimbo umapangidwira pabwalo pomwepo. Mtsogoleri amanong'oneza wa bezi, wa bezi n'kukodola wa ng'oma, nyimbo n'kusintha isanathe n'komwe. Wina amakwera pansanja kukafupa, n'kukuwa kuti ibwerezedwe, ndipo imabwerezedwadi. Si zachilendo zimenezi. Ku gule wamkulu woomba mbalule amatsata mapazi a gule, sawalamula. Woimba amene adziuziratu kuti nyimbo khumi izi ndiziimba motsatana zivute zitani wadzimanga manja pa chinthu chimene oimba athu amachidziwa bwino koposa.

Mayi wa chiwaya anatembenuza mbatata zake, n'kuloza mnyamata wa kabaza ndi chipande chamabowo.

"Iwe kaseti sunaione, n'chifukwa chake ukutero. Ife nthawi ya nkhondo tinathawira ku Ntcheu. Pobwerera kuno tinasenza mapoto, mabulangete ndi kawailesi ka kaseti kamene amuna anga anagula ndi ndalama za ganyu. Mabatire ankadula. Ukati uthamangitse tepi kufuna nyimbo yapamtima pako, mabatire atha. Ndiye unkangoisiya kuti iziyenda yokha. Ukafuna kubweza, unkalowetsa cholembera pabowo n'kumapukusa m'mwamba. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa, mawu a Lucius Banda n'kumatuluka onenepa ngati wadzuka kumene."

Anthu anaseka, koma mayiwo anapitiriza osaseka.

"Pa kaseti yake ya Son of a Poor Man aliyense ankafuna Mabala. Koma kuti ufike pa Mabala unkadutsa zinzake, ndipo ikatha unkamva yotsatira. Pakutha pa mwezi, ija unkaiona ngati yosakoma ndi imene ukuimba uli kudimba. Mpaka lero nyimbo ina ikamatha, mutu wanga umayamba kale yotsatira isanalire."

Apa m'pamene pagona nkhani. Anthu a mbali ino ya Tsangano, ku Mozambiki kuno, nyimbo za ku Malawi sanazidziwe ngati za alendo. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo a kuno ambiri anangowoloka malire kupita kwa abale awo a ku Ntcheu ndi ku Dedza, olankhula chinenero chomwechi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kumabwinja awo m'zaka zomwe nyimbo za ku Balaka zinali pachimake: Alleluya Band, Paul Banda, kenaka mng'ono wake Lucius. Makaseti ankachoka kwa O.G. Issa ku Limbe, n'kufika m'manja mwa mavenda a pa Lizulu ndi misika ina ya m'malire, kumene munthu amagula phazi lina lili ku Malawi lina ku Mozambiki. Banja linkakhala ndi makaseti atatu kapena anayi chaka chonse. Kwa anthu amenewa chimbale si thumba la nyimbo loti upisemo dzanja n'kutola imodzi. Ndi chaka chija anamanganso nyumba, chaka chija anabzalanso tirigu m'munda womwe unamera thengo.

Tili m'kati mwa zimenezi panaima mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi, amene anabwera kudzatenga foni yake. Anamvetsera pang'ono, n'kulowererapo.

"Zimene akunena bambowa kunja zimachitika. Gulu la U2 la ku Ireland linatulutsa chimbale cha The Joshua Tree mu 1987. Mu 2017, patatha zaka 30, linayenda m'maiko ambiri kuimba chimbale chimenecho chonse, nyimbo 11 motsatana mmene zinalili."

"Amenewo ndi azungu, aphunzitsi. Amamvera nyimbo atakhala pamipando," anatero wa kabaza.

"Ayi achimwene, munali m'mabwalo a mpira, anthu ataimirira. Ndipo sanaimbe chimbalecho chokha. Ankayamba ndi zina zotchuka, n'kulowa m'chimbale, n'kudzamaliza ndi zina. Chachikulu n'choti analengezeratu. Wogula tikiti ankadziwa chimene akukamva."

Kenaka anachita kasamu kamene kanandikhalabe m'mutu. Kaseti ya C60 inali mphindi 30 mbali iliyonse. Chimbale chonse ndi ola limodzi, nthawi zina osakwana. Dansi ya bandi kuno imayamba usiku n'kukathera m'bandakucha. "Ola limodzi mwa maola onsewo," anatero, "lingakulande chiyani? Fumbi lako udzalibutsa pambuyo pake."

Wa kabaza anangopukusa mutu, koma sanayankhe.

Amene anayankha ndi mnyamata wobena nyimbo uja, ndipo ananena zimene ena tonse sitinaziganize. Iye amayendayenda ndi anzake a kasitudiyo ka ku Ulongwe, ndiye ntchitoyi amaidziwa mbali ina.

"Si zophweka mmene mukuonera. Nyimbo zambiri za pazimbale zathu sizinajambulidwe ndi bandi yonse. Munthu mmodzi ankakhala ndi kiyibodi n'kuika ng'oma, bezi, malipenga, zonse yekha. Zina sizinaimbidwepo pansanja ngakhale kamodzi. Pakaseti nyimbo imangozilala pang'onopang'ono mpaka zii, koma pabwalo muyenera kuipezera pothera. Ndiye bandi ikhale masabata kuphunzira nyimbo zisanu zimene palibe akuziitanitsa. Akuwalipira ndani masabata amenewo? Komanso simunaone pokhazikitsa chimbale chatsopano? Woimba amaimba zatsopanozo motsatana, anthu manja ali m'thumba, kudikira kuti afike pa zakale."

Zoonadi, kukhazikitsa chimbale ndi nthawi imene oimba athu amayandikirako kuimba chimbale chathunthu, ndipo ndi nthawi yoipa koposa yochitira zimenezo. Nyimbo zisanalowe m'makutu, munthu sangazivine. Zimene bambo wa chipewa amapempha ndi zina. Iwo akunena za chimbale chimene chagona m'mitima zaka zoposa makumi awiri, chimene theka la bwalo lingaimbe lokha magetsi atazima.

Ine ndili kumbali ya bambowo, ndipo chifukwa changa n'chakuti eni nyimbozi akutha. Evison Matafale anamwalira pa 27 Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, atatisiyira Kuimba 1 ndi Kuimba 2 basi. Musamude Fumulani, amene anatsogolera Black Missionaries, Ma Blacks aja, pambuyo pake, anatisiya mu 2007. Lucius Banda anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa. Woimba akakhala moyo, nyimbo yake yoiwalika ili ndi mwayi woti tsiku lina aikumbuka n'kuiimba. Akapita, zimatsala ndi zija zitatu kapena zinayi zimene mawailesi amabwereza mpaka kutopetsa, ndipo akuluakulu anati ng'oma yolira sikhalira kusweka. Zinazo zimakathera m'foda ya mnyamata ngati uyu, zopanda dzina, zongolembedwa nambala, zitasakanikirana ndi za anthu ena. Mwana wobadwa mu 2005 sangadziwe kuti nyimbo iyi inali yoyamba, iyi yotsekera, kapena kuti woimba anali ndi chifukwa poziika moteremo. Lucius atatuluka m'ndende ya Zomba, kumene anatsekeredwa mu 2006, anatcha chimbale chake Cell 51 Maximum. Dzina lokhalo likukuuza kuti munthuyu akufuna umumvere kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa ali ndi nkhani yoti akuuze.

Sindikunena kuti dansi iliyonse ya Loweruka isanduke kalasi. Wa kabaza walipira pakhomo, avine. Koma malo ake a chinthuchi alipo kale. Chaka ndi chaka anthu amasonkhana ku Chileka kukumbukira Matafale ndi abale ake amene anatsogola, ndipo amene amapita kumeneko sapita ngati ongodutsa. Ola limodzi la tsiku limenelo litaperekedwa kwa Kuimba 1, chaka chinacho kwa Kuimba 2, atalengezeratu, ndikhulupirira kuti anthu ngati bambo wa chipewayu angagulitse thumba la mbatata kuti akafikeko. Zembani, gulu limene Lucius anayambitsa mu 1997, lili ndi zimbale zokwanira kuchita chimodzimodzi zaka zambiri osabwereza. Za ndalama ya kuphunzira nyimbo zimene mnyamata uja ananena n'zoona, koma kamodzi pachaka si katundu woti angathyole msana wa gulu limene limaimba sabata ndi sabata.

Pamene ndimaganiza zimenezi, mnyamatayo anali akufufuza m'foda yake, kapepala ka mndandanda kali pambali. Ankatsegula nyimbo imodziimodzi pasipika, masekondi ochepa chabe, bambowo n'kumavomera kapena kukana ndi mutu. "Imeneyo ndi ya Kuimba 2, ichotse." "Eya, imeneyo, uiike yachitatu." Mayi wa chiwaya ankathandizira ali chogwada pamoto. Zinatenga nthawi, ndipo makasitomala awiri ofuna kutchajitsa mafoni anadikira osadandaula.

Pomaliza mnyamatayo anakanda m'mutu.

"Madala, ziwiri palibe. Ndafufuza ponseponse."

"Ziti?"

Anawasonyeza pakapepala. Zonse zinali za mbali yachiwiri. Bambowo anayang'ana kapepalako nthawi yaitali.

"Kaseti yake ndili nayo kunyumba, m'sutikesi," anatero. "Wailesi yake ndiye inafa kalekale."

"Mubwere nayo Lachisanu. Ku Ulongwe kuli mkulu wina wokonza mawailesi amene akadali ndi choimbira makaseti. Ndikapita kukagula mayunitsi ndikaijambulira konko."

"Usakaitaye. Ndipo tepi yake inaduka pena, ndinalumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo wa mayi akunyumba. Akaiyendetse pang'onopang'ono."

Anatulutsa makobidi a metikali kuti alipire, mnyamatayo n'kubweza dzanja lawo. Anati adzalipire ikadzakwana. Bambowo anakulunganso memore kadi kaja m'kansalu, n'kuika m'thumba la m'kati mwa jekete. Kapepala ka mndandanda mnyamatayo anakamata pakhoma pamwamba pa kompyuta. Wa kabaza anali atapeza kasitomala wa ku Biriwiri, mayi wa dengu la kabichi, ndipo ankamangirira dengulo ndi mphira kumbuyo kwa njinga. Lole yathu inatulukira pakona ikufuka utsi, anyamata onyamula katundu n'kuyamba kukuwa kuti aliyense aime pa matumba ake.