Nsomba ikaola imodzi: za dengu la manambala anayi

Mwambi wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, umene makolo ankalangira nawo ana oyenda ndi anzawo osalongosoka, wapeza ntchito yatsopano m'maofesi osungira mapu a pa kompyuta, ngakhale kuti m'maofesimo mulibe dengu, mulibe ntchentche, mulibenso wogula wodina chambo ndi chala asanafunse mtengo.

Mafayilo a malo, amene akatswiri amati geodata, ndi mndandanda wa zinthu zimene chilichonse chili ndi manambala awiri: latitude, yonena kutalika kwa chinthucho kuchokera ku equator, ndi longitude, yonena kutalika kwake kuchokera ku mzere wodutsa ku Greenwich. Wofuna kudziwa msanga dera ndi nyengo zimene fayilo ikukamba amatsegula command line, windo lopanda zithunzi momwe munthu amalemba lamulo, kompyuta n'kuyankha mwachidule ngati apongozi okumanizana nawo panjira. Pulogalamu ya ogrinfo, ya m'gulu la GDAL, imatchula malire a malo, pamene geoextent, yopangidwa ku yunivesite ya Münster ku Germany, ikapatsidwa zilembo -b ndi -t imaonjezapo tsiku loyamba ndi lomaliza. Yankho la malo ndi manambala anayi otchedwa bounding box, kutanthauza kabokosi kochepetsetsa kamene zinthu zonse za m'fayilo zingakwanemo, ndipo kabokosi kameneka ndiko dengu la m'mwambi uja.

Vuto la denguli n'lakuti silifunsa maganizo a nsomba zambiri, limangomvera ya kumapeto kwenikweni. Tauni ya Mangochi ili pafupifupi madigiri 14.5 kummwera ndi 35.3 kummawa, ndipo kummwera kumalembedwa ndi kachizindikiro kochotsera patsogolo pa nambala. Kalaliki wolemba madoko a asodzi a ku Msaka, Malembo, Chembe ndi Makanjira akaiwala kachizindikiroko pa mzere umodzi wokha, doko limenelo limasamuka usiku womwewo popanda pasipoti n'kukatera ku Sudan, cha ku Gedaref, ndipo dengu limatanuka kudutsa Tanzania ndi Eldoret wa ku Kenya, kotero kuti wowerenga manambala anayiwo angaganize kuti chilimira cha ku Msaka chimakokedwa ndi ngamila. Choipa kuposa apo ndi malo osiyidwa opanda kanthu amene pulogalamu ina yawadzaza ndi 0 ndi 0, pakuti malo amenewo ali m'nyanja yamchere kumunsi kwa Ghana, pamene odziwa mapu amatcha moseka kuti Null Island. Boma la Mangochi pamenepo limameza Luanda ndi Kinshasa, chinthu chimene ngakhale Mfumu Mponda wakale, pa mphamvu zake zonse, sanachilotepo.

Nthawi nayo imaola chimodzimodzi. Makompyuta ambiri amayamba kuwerenga nthawi pa 1 January 1970, choncho tsiku losowa limatha kusanduka tsiku limeneli, ndipo fayilo ya usipa wa chaka chatha imaoneka ngati kaundula wa zaka zoposa 50, wonena za nsomba zimene zinagulidwa ndi makwacha chaka chathunthu kwacha isanabadwe mu 1971.

Pano mwambi uja uyenera kudzudzulidwa pang'ono, chifukwa pa doko palibe mayi wa geni amene amataya dengu lonse kaamba ka nsomba imodzi; amapisa dzanja, n'kuipeza, n'kuiponyera galu. Manambala anayi aja amagwira ntchito ya mphuno: sanena kuti yaola ndi iti, koma amene waona latitude yopanda kachizindikiro m'fayilo ya ku Monkey Bay amadziwa kuti asatumize katunduyo ku Limbe, kapena kumuika pa MASDAP, nkhokwe ya mapu a Malawi ya pa intaneti, asanapise dzanja.

Komabe mphuno yothamanga imatayitsa ndiwo zabwino, makamaka m'mbali mwa nyanja ya Malawi, imene gombe lake silikhala pamodzi. Kuyambira 1915 mpaka 1935 madzi anaphwa kufikira nyanja inasiya kuthira mu Shire, pamene mu 2024 anakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Katswiri wachinyamata amene wapeza kadontho ka nyumba kali m'madzi pa chithunzi cha 2024, n'kukafufuta poganiza kuti kalaliki analakwitsa, wataya chambo chamoyo, pakuti akanayang'ana manambala a nthawi akanaona kuti fayiloyo inalembedwa mu 2019, pamene pa kadonthopo panali khonde louma, mipando ya pulasitiki ndi firiji ya zakumwa, imene mwini wake anadzaisamutsa pa bwato.