Nyumba ya Malamulo ya kwa Misisi

Alipo anthu ena, makamaka a kumayadi, amene amayesa kuti dziko la Zambia lili ndi Nyumba ya Malamulo imodzi yokha, ija ya pa Manda Hill imene inatsegulidwa mu 1967. Koma ife okhala kuno kwa Misisi, pakati pa njanji ndi msewu wa ku Kafue, kumene madzi a mvula akafika mu Disembala amalowa m'nyumba osaodira, natsala nafe kufikira Epulo ngati mlamu wosowa ntchito, tidziwa bwino lomwe kuti ilipo inanso, yofolera ndi malata atatu ndi thumba la feteleza, imene imasonkhana pakhonde pa mayi wina wogulitsa chibuku, ndipo aphungu ake sanasankhidwe ndi munthu aliyense koma ludzu.

Chiyambire Seputembala wa 2021, pamene Mayi Nelly Mutti anakhala mkazi woyamba kukhala pampando wa Sipikala, mayi wathuyu anagamula kuti nayenso mpando ndi wake, ndipo panalibe wotsutsa, pakuti buku la ngongole lili m'manja mwake. Ndodo yaulemu ya nyumbayi ndi mthiko. Lamulo lake lalikulu ndi limodzi: wangongole alibe mawu kufikira atapereka kangachepe. Ine ndine mlembi, osati chifukwa cha nzeru, koma popeza ndine ndekha amene ndimayenda ndi cholembera.

Tsono madzulo ena a dzinja lapitali, wosoka nsapato anabwera ndi wailesi yake yomanga ndi lamba wa njinga, natchera pamene aphungu enieni anali kukangana za ndalama za unduna woyang'anira apolisi ndi malire. Popeza ku Manda Hill amalankhula Chingerezi chokhachokha, womasulira wathu ndi mkulu wina amene kale anali mesenjala m'boma, munthu wovala tayi ngakhale potunga madzi. Ndipo iye, atatchera khutu nthawi yaitali, nagwedeza mutu monga wakumva zozama, anatiuza mwachidule kuti akuluakuluwo akuti mfuti, akutinso apolisi, akutinso malire. Kandimverere adakanena za m'maluwa, koma ife tinaona kuti mitu itatuyi ikwanira.

Woyamba kuimirira anali mlonda amene amachezera pageti la bwana wina ku Kabulonga, wopanda chida china koma chibonga ndi wezulo. "Mayi Sipikala," anatero, atavula chisoti, "mbala za masiku ano sizichitanso manyazi ndi wezulo. Ndipempha kuti mwamuna aliyense wa m'komboni muno apatsidwe mfuti yake, kuti wakuba aganize kawiri asanakhudze chitseko cha mnzake." Anyamata awiri, amene sanagule kanthu koma anali kuyembekezera zotsala m'mapaketi, anafuula kuti hiya hiya, monga amamvera pawailesi.

Mesenjala anakumbutsa nyumba kuti lamulo la mfuti la 1969 likalipo, ndi kuti munthu sangasunge mfuti wopanda chiphaso. Koma amene anaphadi nkhaniyo ndi wosoka nsapato, munthu wofatsa amene salankhula kawirikawiri chifukwa pakamwa pake pamakhala misomali. Iye anati: "Achimwene, pabwalo pamene ine ndichita lendi pali mabanja khumi ndi limodzi, chimbudzi chimodzi. M'mawa uliwonse timaima pamzere, aliyense ndi mavuto ake, ndipo amene ali m'katimo amaimba nyimbo kuti tidziwe kuti sanathe. Kodi mufuna kuti pamzere umenewo tikaime ndi mfuti?" Anawonjezanso kuti iye ataphatikiza zonse za m'nyumba mwake, mbaula, mphasa, mipando iwiri ndi wailesi yomweyi, mtengo wake sungafike pa mfuti imodzi, kotero kuti tsiku limene adzaipeze ndilo tsiku loyamba limene mbala idzakhala ndi chifukwa chomveka chomuchezera. Gogo wina wa ku Petauke, amene tinkayesa kuti ali m'tulo, anadzidzimuka nafotokoza za gogodela ya malume ake, imene pa moyo wake wonse inapha nguluwe imodzi ndi zala ziwiri za mwini wake. Mlonda anakhala pansi.

Pa za apolisi nyumba yonse inali ya mtima umodzi, chinthu chosaoneka kawirikawiri ngakhale ku Manda Hill, ndipo pano ndiyenera kuika umboni wanga. Chaka china anandibera buluku pachingwe, ndi malamba ake omwe, ndipo nditapita kukadandaula pa polisi ina imene sindiitchula, bwana wa pa tebulo, munthu waulemu ndithu, analemba zonse mosamala, nandifunsa mtundu wa bulukulo, dzina la mfumu ya kwathu ndi amene ndikumuganizira. Kenaka, atatseka buku, anandiuza mwachisoni kuti galimoto ilipo koma mafuta palibe, ndi kuti ndikamugwira wakubayo ndibwere naye, iwo adzachita zotsalazo. Ndinabwerera kunyumba ndili wonyada, pakuti ndinapita monga wodandaula, ndinabwerako ndili wapolisi wofufuza.

Komabe, kunena chilungamo, ngakhale mafutawo akadakhalapo, galimotoyo ikadadzera kuti? Kuno munthu polondolera mlendo kwake amati: mukafika pa kantemba kobiriwira mukhote, mulumphe chithaphwi choyamba, chachiwiri muchizungulire chifukwa n'chakuya, ndipo pamene panafera nkhumba chaka chatha mufunse ana. Mesenjala anatikumbutsa modzitama kuti dera lathu la Chawama linatulutsa malemu Edgar Lungu, amene anakhala nduna ya za m'dziko mu 2012 ndi mtsogoleri wa dziko mu 2015. Wosoka nsapato anavomera kuti ndi zoona, koma anati chithaphwi cha pakhomo pake sichinamve za kukwezedwa kumeneku. Mnyamata wina ananena kuti tisiye za apolisi, tizidzigwirira tokha akuba. Koma Mayi Sipikala anagogoda mthiko namukumbutsa za 2020, nthawi ija ya mphekesera za opopera mankhwala m'nyumba, pamene makomboni anachezera maso usiku wonse, ndipo anthu ambiri osalakwa anaphedwa ndi makamu chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Mnyamatayo anayang'ana pansi.

Ndipo tinafika pa malire. Mlonda, pofuna kuwombola ulemu wake, anaimiriranso nati dziko lozunguliridwa ndi maiko asanu ndi atatu lili ngati nyumba ya zitseko zisanu ndi zitatu, ndipo mfuti zonse ndi mbala zonse zimalowera kumeneko, pamene ufa wathu ukutulukira pa Kasumbalesa. Chotero boma limange mpanda kuchokera ku Nakonde kufikira ku Kazungula, ndipo mlendo aliyense abwezedwe kwawo. Mawuwa anakoma m'makutu kufikira pamene ine, monga mlembi, ndinapempha kuti tilembe maina a oyenera kubwezedwawo. Apo ndi pamene zinaoneka kuti amayi a Mayi Sipikala anabadwira ku Mchinji, kuti atate a wosoka nsapato anachokera ku Angonia, kuti chitenje chimene Sipikalayo anamanga m'chiuno chinadzera ku Congo, ndi kuti mlonda mwiniyo chaka ndi chaka mu Ogasiti amapita ku Mkaika kukachita Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi, kumene amadyera mbale imodzi ndi abale ake a ku Malawi ndi ku Mozambique osawafunsa pasipoti. Gogo wa ku Petauke anati alendo ena safika n'komwe, natchula mitembo 27 ija imene inapezeka itatayidwa ku Ngwerere mu Disembala 2022, anthu amene ankaganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia, ana a eni ake. Ndipo kwa kanthawi panalibe wogwira paketi.

Amene anatibwezera m'nkhani ndi mayi wa nyumba yoyandikana, amene, osadziwa kuti nyumba yaulemu ili pamsonkhano, anakhuthula madzi otsukira mbale mwakuti anayenderera kufikira pamapazi a Sipikala. Pamenepo tinaona mkangano weniweni wa malire, pakuti amayi awiriwa akhala akulimbirana kachigawo ka dothi kosakwana mphasa kwa zaka zisanu ndi ziwiri; ndipo mawu amene anaponyerana madzulo amenewo sindingawalembe m'buku la nyumba, ndingoti mizimu ya makolo a mbali zonse ziwiri inatchulidwa maina.

Mkanganowo uli pakati magetsi anazima, monga mwa mwambo wake, ndipo mu mdimawo munaoneka nyali ziwiri za galimoto zikudza pang'onopang'ono. Mesenjala ananong'ona kuti lamulo la misonkhano la 1955, limene atsamunda anatisiyira, limafuna kuti apolisi adziwitsidwe masiku asanu ndi awiri msonkhano usanachitike, ndipo ife sitinadziwitse munthu. Wina anakuwa kuti, "Shishita!", ndiko kuti apolisi ogwira anthu usiku afika. Sindinaonepo nyumba ya malamulo ikutha msanga chotere. Mlonda, ngwazi ija yofuna mfuti, ndiye anatsogola, ndipo tinamumva akugwera m'chithaphwi chachiwiri chija choyenera kuchizungulira. Gogo wa ku Petauke, amene amayenda ndi ndodo, anaiiwala ndodoyo, nandipitirira ine pakona.

Inali lole ya makala imene inasokera.

Titabwerera mmodzimmodzi, aliyense akufotokoza kuti iye anangopita kukataya madzi, tinapeza mthiko uli pamalo pake, buku la ngongole lili m'manja mwa mwini wake, koma wailesi palibe. Nyumba inasankha komiti ya anthu atatu yofufuza nkhaniyi, ndipo komitiyo yakumana kale kanayi, pangongole. Tsono inu owerenga, wina akakutsatsani wailesi yakuda yomanga ndi lamba wa njinga, imene imalankhula pokhapokha mutaimenya kumbuyo kawiri, chonde musagule. Mwini wake amakhala pafupi ndi kantemba kobiriwira, ndipo walonjeza kukusokerani nsapato ziwiri kwaulere.