Ine ndi sopo tonse ndife akamwini

Mayi a kunyumba atapita ku Namwera kukadwazika mchemwali wawo, anandisiyira mbuzi, mbale ndi botolo la mafuta ophikira. Botololo analikanda ndi msomali pomwe mafuta analekezera. Chikhulupiriro cha m'banja mwathu chimafika pamenepo.

Tsiku lachitatu mbale zoyera zinatha. Ndinabisala kuseri kwa khitchini, komwe apongozi sangandione, n'kumakwecha mphika wa usipa ndi madzi okhaokha. Mafuta ankangosamuka, kuchoka mumphika kubwera m'manja, kuchoka m'manja kubwerera mumphika. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 anandiponyera kachidutswa ka sopo.

"Ababa, sopoyu ndi mkamwini ngati inu."

Ndinamufunsa ngati fizi ndimalipirira chipongwe. Iye sanatekeseke. Akuti sopo ndi khamu la tinthu tosaoneka totchedwa mamolekyu, ndipo molekyu iliyonse ili ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wodana nawo. Pakati pa madzi mamolekyuwa sapeza mtendere, ndiye amathamangira pamwamba, pamalire a madzi ndi mpweya, n'kundanda phewa ndi phewa, mitu m'madzi, michira kunja. Akapeza dontho la mafuta amalizinga, michira kulowa m'mafutamo, mitu kuyang'ana madzi, n'kulinyamula ngati nyerere zapeza chiwala.

Mutu kuchikamwini, mchira kwathu. Ndinalephera kutsutsa. Komanso ife a ku Katuli za malire musatiphunzitse: munthu amadzuka ku Malawi, masana ali ku Mozambique, nsima yamadzulo n'kudzadyera ku Malawi konkuno. Ndipo ndinaonapo kuti pachipata cha malire ngakhale ndewu zakumsika zimafola mwaulemu.

Chinandiwononga ndi nkhani ya Benjamin Franklin yomwe mwanayo anandiuzanso. Mkulu ameneyu anathira kasupuni kamodzi ka mafuta padziwe la ku Clapham, ku London, mafutawo n'kuyala pafupifupi theka la ekala, timafunde tonse zii. Nkhaniyo inasindikizidwa mu 1774. Patapita zaka zoposa 100, Lord Rayleigh anawerengera kupyapyala kwa mafuta oyala chotero: tengani milimita imodzi, muigawe ka 500,000, ndiye mwayandikira. Mzere umodzi wokha wa mamolekyu, palibe wokwera pamsana pa mnzake.

Kasupuni kamodzi, theka la ekala! Ine amene thumba la feteleza silindikwanira ekala ndinaona kuti apa pali chuma. Madzulo ndinatenga botolo lija kupita nalo kudziwe la kudambo, komwe amayi amachapira. Ndinathira kasupuni. Pamwamba panasalaladi, mtima wanga phaa. Ndiye ndinati ngati kamodzi katero, nanga asanu? Apa mpomwe ndinaphunzira zomwe mwana sanandiuze: malo a pamalire akadzaza, mamolekyu otsalawo alibe poima. Amangounjikana timaso tachikasu toyandama, ngati pamwamba pa msuzi wa nkhuku ya alendo.

M'mawa mwake zitenje za mudzi wonse zinanunkha mandasi.

Mayi a kunyumba anafika Lachisanu nkhani itawachingamira kale pasiteji ya kabaza. Sanalonjere. Anakweza botolo kudzuwa, n'kuyeza ndi chala kuchokera pamzere wa msomali. Zala ziwiri.

Ndinadzitchinjiriza ndi sayansi. Ndinawauza za Agnes Pockels wa ku Braunschweig, ku Germany, mayi amene sanapondeko ku yunivesite koma anayeza zochitika pamwamba pa madzi ndi kabeseni kachitsulo kunyumba kwawo, mpaka kalata yake inatuluka m'magazini ya Nature mu 1891, Rayleigh yemweyo atamuthandiza.

"Mayi ameneyo anayamba ndi chiyani, bambo a mwana?"

Ndinayang'ana mwana wanga kuti andipulumutse. Iye anayankha mokweza, kuti ndi agogo ake omwe amve: "Kutsuka mbale."

"Yambirani pomwepo. Sopo ali pazenera."