Wabodza la pafoni akaonekere yekha

Mwini danga lino, bambo wa ku Kabwata, sanadwalepo maganizo chibadwire. Amatero yekha. Kungoti masiku ano tulo timamuthawa 2 koloko usiku, iye n'kuyamba kuwerengera kaloba, lendi ndi fizi ya ana, ndipo tsiku lina anakalipira wailesi chifukwa cholosera kuti mvula ichedwa. Mayi wa kunyumba sanachulutse gaga m'diwa. "Abambo, kapezeni wina womuuza zimenezi. Ine sindine chipatala."

Kuvomera anavomera. Chinavuta n'chakuti munthuyo akamuone maso ndi maso kapena angomuimbira foni.

Za maso ndi maso sizachilendo kwathu. Ankhoswe akhala akuchita ntchitoyi kuyambira kale, ndipo malipiro ake ndi nkhuku basi. Koma ukawauza nkhani m'mawa ku Lusaka kuno, pofika madzulo azakhali a ku Katete amakhala atayamba kale kukupempherera. Anzake a kumowa nawo mankhwala awo ndi amodzi pa nthenda iliyonse: "Limba mudala, ndiwe mwamuna." Akatero amati agule iyeyo.

Alangizi ophunzira ntchitoyi ambiri a ife tinawadziwa m'nthawi yowawa. Bungwe la Kara Counselling linayamba mu 1989, woliyambitsa ali wansembe wa Chijezuiti, Bambo Michael Kelly, pamene Edzi inali kupulula anthu mumzinda muno. Linathandiza ambiri, koma m'mitu ya amsinkhu wa mkulu wathuyu munatsala chinthu chimodzi: woonedwa akulowa m'chipinda cha uphungu ndiye kuti akukayezetsa magazi. Ndiye pali Chainama, chipatala cha matenda a maganizo chimene chili m'mbali mwa Great East Road kuyambira 1962. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anachita mbali yawo mu 2019 pochotsa lamulo la atsamunda la 1949, lodzaza ndi mayina onyoza odwala, n'kuikapo Mental Health Act. Koma lamulo latsopanolo silinafike mu minibasi ya ku Chelstone. Mkulu wathu anakwera pa Kulima Tower atalimba mtima ndithu. Atadutsa Munali, kondakitala anakuwa kuti "Oseluka pa Chainama!" ndipo basi yonse inatembenuka kuti ione mwini wake. Iye anatembenuka nawo, n'kumayang'ana agogo ena osalakwa okhala kumbuyo. Anakatsikira ku Chelstone, kumene analibe chochita, nagula chinangwa chowotcha n'kubwerera.

Apa foni inayamba kuoneka yanzeru. Nambala ya 933 ya Lifeline ndi yaulere, ndipo ya ana ndi 116. Bungwe la StrongMinds, limene linafika mu Zambia mu 2019 n'kumasonkhanitsa amayi ovutika maganizo m'magulu, linapitiriza ntchito yake pafoni Covid-19 itatseka misonkhano mu 2020. Kwa mayi amene mwamuna wake samulola kutuluka, kapena mnyamata amene zamuthina pakati pa usiku, foni ndiyo khomo lokhalo lotsegula, ndipo danga lino siliseka zimenezo.

Koma foni imafuna chipinda. M'mafulati a ku Kabwata ukayetsemula, woyankha ndi wa khomo linalo. Malo okhawo achinsinsi m'nyumba ya mkulu wathu ndi kuchimbudzi, ndipo ukangoyamba kufotokoza za ubwana wako mwana amagogoda kuti m'mimba mwamuvuta. Ukati uyese za vidiyo, magetsi azima kapena bandulo yatha ukali pa moni.

Komabe vuto lalikulu ndi mwini foniyo. Bamboyu pafoni ndi wabodza wotheratu. Ndi uja amati "ndafika pa Kafue Roundabout" ali ndi sopo kumutu. Ndi uja amauza mwini nyumba kuti ali ku maliro ku Petauke pamene mwini nyumbayo akumuona pawindo. Munthu wotere ukamupatsa mlangizi wa pafoni, adzanena kuti zonse zili bwino, athokoze mwaulemu, ndipo zikafika pothina adzati netiweki yavuta.

Choncho anapita yekha. Ku kiliniki ya boma alangizi alipo ndipo thumba silipweteka, koma pamzerepo pamakhala theka la anthu a kutchalitchi kwake. Anasankha kuwoloka kupita kwa odziimira paokha a cha ku Woodlands ndi Kabulonga, kumene mipanda ndi yaitali ndipo agalu amadya bwino. Mtengo wa ola limodzi atamuuza, anauwerengera m'matumba a ufa wa bulekifasi, n'kuona kuti maganizo awonjezeka asanakhale n'komwe pansi.

M'chipindamo munali mipando iwiri, wotchi ndi kabokosi ka tishu, kamene iye anaganiza kuti n'ka odwala chimfine. Mlangizi, mayi wa magalasi, anafunsa kuti, "Muli bwanji, bambo?"

"Ndili bwino kwambiri, mayi. Ndangobwera chifukwa akunyumba anandituma."

Mayiyo sanatsutse. Anangokhala chete, maso ali pa mwendo wamanzere wa mkulu wathu, umene unali kuvina wokha pa kapeti. Pafoni chete wotere umamudzaza ndi "halo, halo, mukundimva?" Muno munalibe kothawira. Anayang'ana wotchi, anayang'ana denga, anagwira bondo ndi manja awiri, mwendo osamva. Kenako pakamwa panatseguka pokha: kaloba, mchimwene wake amene anamwalira osatsanzikana naye, mantha oti ntchito ingathe. Tishu uja anamugwiritsa ntchito, ngakhale mpaka lero amati munali fumbi.

Ngongole sizinachepe ndi ngwee imodzi yomwe. Anapatsidwa ntchito yakunyumba yoti azilembe zonse papepala masana, osati m'mutu usiku, ndi tsiku loti abwerenso. Potuluka, atakumbukira mabasi awiri opita ndi awiri obwerera, anafunsa ngati ulendo winawo sangangolankhulana pafoni.

"Zotheka, bambo," anatero mlangiziyo uku akulemba lisiti. "Koma ikhale ya vidiyo, ndipo kamera muilozetse ku mwendo."