Yona Sanabwezeredwe Chenji: Nthabwala za pa N13

Abusa akamatchula Filipi, Korinto ndi Nineve, ena amayesa ndi mizinda ya kumitambo. Ayi ndithu, inali ya pansi pompano, yokhala ndi misika, asilikali, misonkho ndi atsamunda ake. Tsono pa zinthu zimenezi anthu a pakati pa Cuamba ndi Massangulo ndi akatswiri kale. Tamvani zimene zikukambidwa m'mbali mwa msewu wa N13.

Kusamuka uli pamkeka

Mkatekisi wina ku Cuamba ankafotokoza kuti cha m'ma 130, mfumu ya Aroma, Hadrian, inalamula kuti Yerusalemu amangidwenso kukhala mzinda wa atsamunda, n'kumutcha Aelia Capitolina potengera dzina la banja lake.

Gogo wina kumbuyo anakweza ndodo. "Aphunzitsi, zimenezo n'zachilendo kwa ana awa. Ine ndinabadwira ku Nova Freixo, ndakalambira ku Cuamba, koma nyumba ndi yomweyo. Mng'ono wanga anapita ku Vila Cabral kukafuna ntchito, pobwera akuti akuchokera ku Lichinga. Mkazi wake mpaka lero sakhulupirira."

Nzika ya Roma

Nkhondo ya chaka cha 42 BC itatha, Aroma anakhazika asilikali opuma ku Filipi, m'dziko la Greece la lero, ndipo mzindawo unkayendera malamulo a ku Roma. Kumeneko Paulo ndi Sila anakwapulidwa n'kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Kutacha, akuluakulu anatumiza mawu akuti awamasule, koma Paulo anakana. Iwo anali nzika za Roma, choncho owamangawo abwere okha. Anabweradi, mitima ili m'mwamba, kudzapepesa.

Mnyamata wina wa geni ya shuga ku Mandimba anamva nkhaniyi mu ulaliki n'kuisunga. Lolemba anakumana ndi wapolisi pa njira yachidule yochokera ku Chiponde, matumba awiri ali pa njinga.

"Pasipoti?"

"Bwana, musandikhudze. Ine ndine Mroma!"

"Inenso ndine Mroma, ndinabatizidwa ku Massangulo. Tiye, tiziimba limodzi mpaka ku ofesi."

Kabaza wa ku Korinto

Korinto anawonongedwa ndi Aroma mu 146 BC, ndipo Julius Caesar anamumanganso mu 44 BC, n'kudzazamo anthu ambiri amene kale anali akapolo. Chuma cha mzindawo chinali pa kamtunda ka makilomita pafupifupi 6 kolekanitsa nyanja ziwiri. Poopa kuzungulira pa madzi owopsa, amalonda ankaolotsa katundu pamtunda, nthawi zina n'kukoka ngalawa yomwe pa msewu wa miyala.

Wakabaza wina wa pakati pa Mandimba ndi Chiponde atamva izi anasiya kupukuta njinga.

"Ndiye kuti ntchito yathuyi ndi ya m'Baibulo! Nanga Paulo, m'makalata ake awiri aja, analembamo mitengo?"

"Sanalembe, achimwene."

"Eya, n'chifukwa chake mpaka lero timakangana ndi makasitomala."

Kalata ya pa chilumba

Mphunzitsi wina ku Ngauma ankauza makolo kuti ngakhale mu Africa muno munali mudzi wa Ayuda. Pa chilumba cha Elephantine, mu mtsinje wa Nile pafupi ndi Aswan, pankakhala asilikali achiyuda otumikira Aperisi, ndipo anali ndi kachisi wawo. Mu 410 BC ansembe a Khnum, mulungu wa mutu wa nkhosa, anakonza zoti kachisiyo agwetsedwe. Mu 407 BC Ayudawo analembera bwanamkubwa wa Yudeya kupempha thandizo loti amangenso, akudandaula kuti kalata yawo yoyamba ya ku Yerusalemu sinayankhidwe. Kope la kalatayo linafukulidwa patatha zaka zoposa 2,300.

A mfumu anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa mlembi wawo. "Wamva? Makalata sasowa. Yathu ya mjigo ija tisataye mtima."

Chenji cha Yona

M'chapa yochokera ku Cuamba munakwera shehe, mkulu wa mpingo ndi msodzi wa ku nyanja ya Amaramba. Shehe ndi mkulu wa mpingo anagwirizana msanga, pakuti Yona wa uyu ndi Yunusu wa uyo. Mneneriyu anatumidwa ku Nineve, mzinda wa Asuri umene mabwinja ake ali tsidya lina la mtsinje wa Tigris, moyang'anizana ndi Mosul ku Iraq. Iye anathawira ku doko la Yopa, n'kulipira ngalawa ya ku Tarisi, ulendo n'kuthera m'mimba mwa chinsomba.

Msodzi anausa moyo. "Kale kunali nsomba. Zimene tikukoka masiku ano sizingameze ngakhale batani la malaya ake."

Kondakitala, amene ankaoneka ngati sakumva, analowererapo. "Analipira mpaka ku Tarisi, n'kutsikira panjira?"

"Anachita kumuponya m'madzi, mwananga."

"Kaya anamuponya, kaya anatsika yekha, chenji sitibweza. Mwamva nonse m'galimoto muno?"

Okana thandizo

Laodikeya unali mzinda wa anthu a ndalama, wotchuka ndi ubweya wakuda wa nkhosa. Chivomezi chitaugwetsa cha m'ma 60, eni ake anaumanganso ndi chuma chawo, osalandira kanthu kuchokera ku Roma.

Wapampando wa komiti ina ya chitukuko anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa motsitsa mawu: "Abusa, thandizo lokanidwalo linapita kuti? Ndikungofunsira mudzi wathu."

Pa siteshoni ya sitima ku Cuamba nako, magetsi atazima mwezi wa Okutobala, m'busa wina anagula chakumwa, n'kulavula atangolawa.

"Mayi, si chozizira, si chotentha!"

"Abusa, Lamulungu munatiphunzitsa nokha za Laodikeya. Lero mwafikako. Lipirani."

Munthu wa ku Kurene

Kurene unali mzinda umene Agiriki anakhazikitsa ku Libya cha m'ma 631 BC, ndipo Ayuda ambiri anadzakhalamo. Kumeneko n'kumene kunali kwawo kwa Simoni, amene asilikali anamugwira akulowa mu Yerusalemu n'kumusenzetsa mtanda wa Yesu.

Gogo wina wa ku Mandimba, amene anaona chibalo ndi maso ake, anafuna kumvetsa bwino.

"Mwati anali wa ku Africa?"

"Inde, agogo."

"Akungodziyendera?"

"Inde."

"Anamufunsa ngati akufuna?"

"Ayi."

"Anamulipira?"

"Ayi, agogo. Asilikali a Chiroma anali ndi mphamvu yokakamiza munthu kusenza katundu."

"Aroma ati, mwanawe? Amenewo ndikuwadziwa ine. Atachoka kumeneko anabwera kuno kudzatilimitsa thonje."