Kakonzedwe ka Siginecha ya Imelo: Malangizo kwa Alembi a Mabungwe a Maliro ku Harare

Ngati ndinu mlembi wa bungwe la maliro ku Mbare, Mufakose kapena Mabvuku, imelo yanu isamathere m'malere. Pansi pake pazikhala siginecha yodzilemba yokha. Ntchitoyi musagwirire pafoni yanu. Pitani pakompyuta yolipira pa Machipisa ku Highfield, yomwe aliyense amakhalapo.

Tsegulani Gmail, dinani kagudumu ka pakona, kenako See all settings. Tsikani mpaka pa Signature, mudine Create new. Malowa amalola zilembo 10,000. Musasiye ngakhale chimodzi.

Yambani ndi dzina, mfunda, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lomwe agogo anachokera. Fotokozani ulendo wawo wonse wochokera ku Malawi nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, osaiwala kumene anagona m'njira. Pa adiresi lembani Salisbury. Dzinali linasintha kukhala Harare mu 1982, koma akuluakulu a bungwe analizolowera.

Nambala ya foni imafuna luso. Ya Econet imayamba ndi 077 kapena 078. Kutsogolo kwake ikani +265, nambala ya dziko la Malawi, osati +263 ya Zimbabwe. Kusiyana kwake ndi kochepa, ndipo aliyense adzaona kuti kwanu simunaiwale. Ziro woyambirira musamuchotse. Onjezani nambala ya chitupa ndi PIN ya EcoCash kuti achibale asamakuvutitseni ndi mafunso. Chopereka cha pamwezi lembani m'mabondi a 2016. Ndalama ya ZiG inangobwera mu 2024, idikire kaye.

Tsopano mawu achipepeso. Poti imelo zambiri za mlembi ndi za zovuta, lembani kamodzi kokha m'siginecha momwemo: "Pepani ndi zovutazi, mzimu wawo uuse mumtendere." Mwapulumutsa nthawi. Mawuwa azituluka okha pa imelo iliyonse, kuphatikizapo yoyamikira mlongo wanu wa ku Dedza kuti wachira ndi mwana wamwamuna, komanso kalata yofunsira ntchito m'mafakitale a ku Workington. Bwana adzadziwa msanga kuti ndinu munthu wachifundo.

Zilembo zikhale zachikasu, poti tsamba ndi loyera. Pansi pake ikani chithunzi cha komiti yonse itavala yunifolomu, ndipo musachichepetse. Wolandira akagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo, ayenera kuona nkhope ya msungichuma bwinobwino.

Pa On reply/forward use sankhani siginecha yomweyi. Motero mukayankha kuti "Chabwino", mbiri yonse ya agogo izitsatira. Mukayankhana kasanu ndi wapampando, tsiku ndi malo a mwambo wa maliro zidzakhala zitasungika pansi penipeni, pomwe palibe angazisokoneze.

Musadzitumizire imelo yoyesera, katswiri sadzikayikira. Dinani Save Changes, lipirani, nyamukani. Sign out musayikhudze, kuti wokhalapo pambuyo panu awonjezere zomwe mwaiwala.

Zotsatira zimaoneka pasanathe sabata. Foni imasiya kulira usiku, ndipo ndalama za mu EcoCash zimayamba kuyenda zokha. Wina akalemba kudandaula kuti siginecha yatalika, muyankheni mwaulemu pa imelo yomweyo, kuti ayiwerengenso bwino.