Ndinapha amuna a mudzi wonse ndi chala chimodzi

Ntchito ija ndinaipeza ndi bodza laling'ono. Pa fomu panali funso lakuti kodi ndimamva zinenero za ku Luangwa, ndipo ine, mwana wa ku Matero amene Chinyanja chake anachiphunzirira m'minibasi, ndinalemba kuti Chikunda ndi Chinsenga ndi za kwathu. Ondilembawo anali ofufuza ofuna kudziwa mmene mabanja a m'chigwa akukhalira pambuyo pa chilala cha 2024, chija Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Mafunso awo ambiri anali ofanana ndi amene bungwe la ZamStats limafunsa pofufuza za umoyo wa mabanja ndi za ntchito, ndipo monga zinalili pa kalembera wa 2022, uja anapeza kuti tinalipo 19.6 miliyoni, zonse zinali za pa tabuleti. Pepala ukhoza kufufuta. Tabuleti imasunga ola ndi malo amene unachitira uchitsiru wako.

Pa maphunziro anatikhomerera matanthauzo m'mutu. Banja, iwo anati, si magazi: ndi anthu ogona pakhomo limodzi, odya za mumphika umodzi, ovomereza munthu mmodzi kuti ndiye mutu. Wantchito ndi aliyense amene m'masiku 7 apitawa anagwira ngakhale ola limodzi lokha kuti alipidwe kapena apeze phindu. Koma chichitikireni msonkhano wa akatswiri a ziwerengero za ntchito ku Geneva mu 2013, wolima chakudya cha pakhomo pake chokha sawerengedwanso m'gulu limeneli. Ali ndi bokosi lakelake. Ndinakweza dzanja n'kufunsa ngati ndiye kuti agogo anga, amene msana unapindika ndi khasu, sali pa ntchito, pamene mnyamata amene wagulitsa mazira owiritsa ola limodzi pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ali pa ntchito. Anati ndamva bwino. Kenako anatipatsa lamulo loposa onse: osalonjeza kanthu kwa aliyense. Ndinalilemba m'kope ndi zilembo zazikulu.

Tinatsika ndi Great East Road mpaka pa Luangwa Bridge, n'kukhotera kumanja kulowera ku boma, kumene achikulire amakutchulabe Feira. Kumeneko Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo ndi malo otsika kwambiri m'Zambia yense. Ukaima pa dooko, tsidya la Luangwa ndi Zumbo ku Mozambique, tsidya la Zambezi ndi Kanyemba ku Zimbabwe. Ine anandipatsa mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje, m'dziko la Mfumu Mphuka, akapitawo athu n'kupitirira ndi anzanga cha kwa Mburuma.

Anyakwawa anasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo. Nditamaliza kufotokoza, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Tamva, mwanangu. Nanga ife tipindula chiyani?"

Yankho loyenera linali m'kope muja. Koma ndinali nditavala chovala cha ntchito cha matumba ambiri, amayi onse maso ali pa ine, ndipo chibadwire sindinamvedwepo ndi anthu ochuluka chotero. Ndinati, "Atate, mayina anu ndi mavuto anu akafika kwa akuluakulu ku Lusaka." Mnyamata wina anaimirira kuti amasulire m'Chikunda. Zimene ine ndinanena ndi mpweya umodzi iye anazinena kwa nthawi yaitali, akuonetsa ndi manja kukula kwa thumba, ndipo atamaliza panamveka nthungululu. Ine ndinawerama pothokoza.

M'mawa mwake ntchito inayenda bwino koposa. Anzanga ankadandaula pa foni kuti anthu akuwathawira kumadimba, ine anthu ankachita kundidikira pa mpando. Ndikafunsa kuti, "Amayi, abambo a pakhomo pano ali kuti?" amayi ankausa moyo, n'kuloza ndi chibwano cha kumtsinje, n'kuti, "Kulibe, mwanangu." Mutu wanga unali utadzaza nkhani za ng'ona ndi mvuu zimene ndinamva m'basi. Ndinkatsitsa mawu n'kunena kuti pepani kwambiri, kenako chala pa bokosi la wamasiye. Ndinene zoona, palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti mwamuna wake anamwalira. Ndinkawapha ndekha. Iwo sanandiwongole chabe, poti aliyense kumeneko amadziwa kuti pa ndalama za Social Cash Transfer, zija zinayambira ku Kalomo mu 2003, mayi wolera yekha ana amaganiziridwa msanga, pamodzi ndi okalamba ndi olumala. Munthu wa njala ukamuika pamzere wabwino, akukonzerenji?

Mabanja nawo anayamba kuswana. Ambuya ena anandikokera kuseri kwa nyumba ya mwana wawo kukandionetsa mafuwa awoawo, umboni wakuti amaphika paokha. Mafuwawo anali oyera mbee, opanda mwaye ngakhale pang'ono. Ndinawayamikira chifukwa cha ukhondo, n'kuwatsegulira banja latsopano.

Pa funso la ndalama za mwezi watha, yankho linali limodzi mudzi wonse: palibe. Ndinkalemba zimenezi nditakhala pa mphasa yatsopano yochotsedwa pa mulu wa zinzake zodikira ogula, masau atayanikidwa bwalo lonse, kafungo ka kachasu kakuchokera kuseri kwa khola. Munthu mmodzi yekha, mdala wina wosamva bwino amene uthenga wa matumba sunamufike, ndiye anandiuza zoona, ndipo zoona zakezo zinandizunza kuposa mabodza onse. Ntchito yake yeniyeni? Anati zimatengera mwezi. Madzi akalola amapha pende ndi mcheni. Kuyambira Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, boma likatseka usodzi, amasoka maukonde ndi kudula bango. Mabwato a nsomba zouma za ku Cahora Bassa akafika pa dooko amakanyamula mitolo kukweza m'malole opita ku Kasumbalesa. Usiku amagona kudimba kuimba zitini kuti njovu zisamalize chimanga, ndipo anafuna kudziwa ngati imeneyo si ntchito, poti ndi imene imamutopetsa kwambiri. Malipiro ake ena anali makwacha, ena mametikali a ku Mozambique, ena ndowa ya ufa, ena ngongole imene mlamu wake wa ku Zumbo adzabweza akadzakolola. Bokosi langa linkafuna nambala imodzi. Ndinayang'ana kumwamba, n'kupeka mtengo wa metikali, n'kulemba. Zotsatira zake, mdala wovala malaya ong'ambika uja anakhala munthu wolemera kwambiri m'mudzimo.

Apa ndiye ndinadzimva. Kafukufuku wa ZamStats wa 2022 anapeza kuti anthu 60 pa 100 alionse m'Zambia ndi osauka, kukwera kuchoka pa 54.4 mu 2015, ndipo kumidzi ndi 78.8. Mudzi wanga unali utaposa pamenepo, kupatula mdala uja. M'dziko muno mabanja otsogoleredwa ndi amayi sakwana limodzi pa atatu alionse. Kwa ine anali pafupifupi khomo lililonse. Usiku ndinalembera akapitawo uthenga wautali wakuti ndatulukira chinthu chimene akatswiri onse anachiphonya, kuti banja la m'chigwa likutha, ndipo ngati padzakhale lipoti, dzina langa lilembedwe bwino. Anayankha mawu awiri: "Ndikubwera Lolemba."

Akufa anauka Lachisanu madzulo. Ndinali pa dooko kufuna netiweki pamene mabwato anayamba kukocheza, odzaza amuna onenepa bwino, akuda ndi dzuwa, akuseka. Mmodzi ananyamula pa phewa kamtsikana kamene ndinali nditakalemba kuti n'kamasiye, n'kubwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri. "Ndinu achimwene a chimanga aja? Amayi a kunyumba andiuza. Mwagwira ntchito."

Munthu wanzeru akanaimbira akapitawo pomwepo. Ine ndinaganiza zoukitsa anthu anga mwakachetechete Lolemba lisanafike. Vuto linali lakuti amunawo ankabwerera kumadzi m'bandakucha, choncho ndinapempha malo m'bwato. Ndinakhala pakati, tabuleti m'pulasitiki pachifuwa, maso otseka, mpaka tinakocheza pa mchenga wina pamene panali misasa ndi nsomba pa zitatanga. Foni inalira ndi uthenga wa Chipwitikizi, ndinauyesa wa otsatsa malonda. Ndinayamba ntchito ndi mphamvu, ndipo pofuna kuti ulendo uno nambala zikhale zoona, sindinadalire pakamwa pa munthu: ndinayamba kuwerenga nsomba ndekha, kufunsa mwini wa ukonde uliwonse, mpaka kulowetsa chala m'maso a ukonde. Msasa unangoti zii. Wina ananong'oneza mnzake, ndipo mawu amene ndinatolapo anali akuti fishalizi, a boma oyang'anira usodzi aja. Kuyambira pamenepo panalibenso msodzi pa mchenga uja. Onse anali alendo odzaona abale. Maukonde anali a munthu wina amene wangochoka kumene. Amuna amene ndinawapha Lachiwiri ndinawaukitsa Loweruka ali malova osadziwa kugwira nkhafi.

Lolemba akapitawo anafikadi. Anali mayi wa cha ku Katondwe, wolankhula Chikunda cha mkaka wa m'mawere, wosakweza mawu. Anatsegula laputopu n'kunditembenuzira mapu. Timadontho ta anzanga tinali m'midzi, bwinobwino. Tanga tina tinali tsidya la mzere wa malire.

"Achimwene, mabanja awa a ku Mozambique mwawalemba ndi chilolezo cha ndani? Pasipoti munatenga?"

Ndinati ndinalibe.

"Nanga bambo awa, amene anamwalira pa fomu iyi, n'kuyankha mafunso okha pa fomu iyi, maliro awo munapitako?"

Anandipititsa kwa anyakwawa, nkhuku yogula ndi ndalama zanga ili m'khwapa. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndipo pamaso pa mudzi wonse ndinanena kuti kulibe chimanga, kulibe ndalama, ndiponso sindine wa fishalizi. Ulendo uno anamasulira ndi akapitawo, ndipo zinatenga nthawi yofanana ndi imene ndinalankhula. Palibe amene anandikalipira, chimene chinandipweteka kwambiri. Ambuya aja okha ndiwo anafunsa kuti, "Ndiye mwanangu, mafuwa aja ndichotse?"

Akapitawo anaubwereza okha mudzi wonse, ine ndikunyamula chikwama pambuyo pawo ngati mwana wopita ku sikelo. Sankafunsa kuti abambo ali kuti. Ankafunsa kuti usiku wathawu anadya pano ndani, nanga ndani amene mbale yake imasungidwa ngakhale ali kumadzi. Za ndalama ankazifika mozungulira: sabata ino mwagula mchere, sopo, mafuta ophikira? Chigayo munalipira ndi chiyani? Ndi mmenenso a ZamStats amayezera umphawi, poona zimene banja ladya ndi kugula, poti munthu amaiwala kapena kubisa zimene walandira, koma sopo amamukumbukira. Mudziwo unatulukabe wosauka kwambiri, nkhokwe zili mbee, ana ena atasiya sukulu. Unali wosauka amuna ake ali moyo, ndipo mdala uja anabwerera pa malo ake pakati pa anzake.

Ine anandichotsa pa mafunso. Masabata otsalawo ndinkakhala ku boma kudikira magetsi, amene chaka chimenecho ankabwera pakati pa usiku chifukwa madzi anatsika ku Kariba, kuti nditchaje matabuleti a anzanga. Nditabwerera ku Matero, kondakitala wa basi ya ku Luangwa anandiimbira kuti ndili ndi katundu. Unali mtolo wa pende wouma wochokera kwa bambo a kamtsikana kaja, ndi kakalata. Anati amva kuti kukubwera kalembera wina wa thandizo, ndiye ngati ndikadali ndi mpata ku ofesi, ndiwabwezere mmene ndinawalembera poyamba paja.